Za Jakisoni wa Pamsana, ndi Madotolo Awiri Osamvana

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za nthenda imene inatigwira ife eni dzinja lapitalo, ndi za madotolo awiri amene anayang'ana cithunzi cimodzi ca msana wathu natiuza mau osiyana. Sitilemba monga odziwa za mankhwala ai, pakuti nchito yathu ndi ya coko ndi bolodi. Koma popeza munthu ali yense ali ndi msana, ndipo khasu ndi mtolo wa nkhuni sizisankha msana woti ziupweteke, tiyesa kuti alipo ena m'midzi mwathu amene tsiku lina adzaima pa mphambano pomwe tinaima ife, osadziwa njira yoti alowe.

Munali m'mwezi wa November, mvula yoyamba itagwa, pamene tinali kutsitsa thumba la feteleza la makilogalamu 50 pa ngolo. Anyamata analipo, koma munthu wa zaka zathu safuna kuoneka wofooka pamaso pa ana amene awaphunzitsa. Ndipo tinaweramira thumbalo ndi kupotoloka nalo ciuno, kufikira tinamva kanthu kakuti thyo kunsi kwa msana. Tsiku lomwelo sitinasamale. Koma patapita masiku atatu ululu unacoka pamsana, nutsikira m'thako la kumanzere, nudzera kumbuyo kwa nchafu ndi m'katumba, kufikira m'mbali mwa phazi ndi kacala kakang'ono, monga ngati munthu walowetsa waya wamoto m'mwendo namleka momwemo. Kukhala pa mpando kunawawa koposa kuima. Kutsokomola ndi kuyetsemula tinali kuziopa monga mwana aopa mkwapulo. Usiku tinali kutembenuka pa mphasa kufuna cigonedwe cimene mwendo ungalole, mpaka tambala woyamba.

Aphungu sanasowe, monga mudziwa kuti pa mudzi sasowa. Ena anati ndi nyamakazi, ena anati taponda mankhwala pa njira ya kusukulu. Atsibweni athu anabwera ndi lumo m'thumba, nati, "Mphwanga, gona cafufumimba pa mkeka apa, ndikuteme mphini zinai m'ciuno, mawa udzadzuka wekha." Tinawakaniza mwaulemu. Ku cipatala cacing'ono ca kwathu anatipatsa mapiritsi opha ululu, amene anali kutithandiza maora awiri kapena atatu, ululu nubwera monga kale. Atatha masabata asanu ndi limodzi tikali kuphunzitsa cotsamira khoma, mwana wathu wamkazi amene agwira nchito ya unamwino ku tauni anatumiza mau kuti tibwere akatijambule.

Makina amene anatijambula achedwa MRI. Aonetsa mnofu ndi mitsempha, zimene X-ray saonetsa bwino, ndipo oyamba a mtundu wace anafika m'dziko muno, ku Blantyre, m'caka ca 2008. Dotolo woyamba, amene nchito yace ndi kugoneka anthu pa opareshoni ndi kuletsa ululu, anapacika cithunzico powala natifotokozera bwino lomwe, ndipo tiyesa kubwereza mau ace m'cinenero cathu. Kunsi kwa msana, pakati pa nthiti ndi ciuno, kuli mafupa 5 osanjikizana. Pakati pa pfupa ndi linzace pali kanthu konga nkhata imene amai aika pamutu posenza mtsuko, kolimba kunja koma kofewa m'kati. Madotolo akacha disiki. Pambali pa nkhata iri yonse patuluka mtsempha, ndipo mitsempha ya kunsi ikomana nipanga mtsempha umodzi waukuru, wonenepa ngati cala ca munthu, umene utsikira mwendo wonse kufikira ku phazi. Tsono nkhata ikang'ambika, cofewa ca m'kati cituluka nicikanikiza muzu wa mtsempha uja ndi kuutupitsa. Cifukwa cace munthu amva moto ku phazi, ngakhale bala liri m'msana. Imene inang'ambika kwa ife ndi ya pansi penipeni, ndipo anati mwa anthu 10 odwala cotere, 9 nkhata yao yong'ambika ndi imodzi mwa ziwiri za pansizo.

Atatha kufotokoza anati, "Aphunzitsi, mwapirira masabata asanu ndi limodzi, ndipo kupirira sikuli mankhwala. Lolani ndikubayeni jakisoni pamsana. Ndidzaika mankhwala ochedwa steroid pafupi ndi mtsempha wotupawo, pamodzi ndi ena ocititsa dzanzi. Kutupa kudzaphwa, ndipo mudzagona tulo." Mtengo wace unali wa mbuzi ziwiri. Mwana wathu, pokhala wocenjera, anati tisabvomere tsiku lomwelo, koma tiyambe taonana ndi dotolo wina, wa mafupa, amene acita maopareshoni a msana. Uyu anali wacikulire ndi wosacuruka mau. Anatigoneka cagada, nakweza mwendo wathu uli woongoka mpaka tinapfuula. Anatiyendetsa pa zidendene ndi pa zala. Anafunsa ngati tikodza bwino, ndi ngati tituluka thukuta usiku. Atatero anayang'ana cithunzi comwe cija, nati, "Bambo, ine sindikadabaya. Jakisoni sabwezera nkhata m'malo mwace. Cotulukaco thupi licimwa lokha pang'onopang'ono, ndipo ambiri acira osabayidwa ndi osang'ambidwa. Mwendo wanu uli ndi mphamvu. Pitani kwanu, muziyenda tsiku ndi tsiku, musagone cigonere, ndipo mubwere ikatha miyezi iwiri."

Tibvomere pamaso panu kuti tinatuluka m'cipindamo ndi mtima wowawa. Ife tazolowera nchito imene yankho lace ndi limodzi: 7 kucurukitsa ndi 8 ndi 56, kaya mwana awerengera ku Nsanje kaya ku Karonga, ndipo aphunzitsi awiri akaconga samu imodzi mosiyana tidziwa kuti mmodzi walakwa. Tsono tinati mumtima, kapena woyamba uja afuna mbuzi zathu, kapena waciwiriyu alibe cifundo ndi ululu wa munthu wa kumudzi.

Kumudzi nkhani inakula. Anthu a kwathu ali ndi zikhulupiriro ziwiri za singano, ndipo pa msana wathu zinagundana. Coyamba ndi cakuti jakisoni ndiye mankhwala enieni, mapiritsi ndi ongonyengerera. Munthu akabwera ku cipatala wosabayidwa ati sanamthandize. Ici cinazika mizu masiku aja penisilini anafika nayamba kuciritsa zilonda ndi cibayo zimene kale zinali kupha. Caciwiri ndi cakuti singano ya pamsana ipha. Amai a kunyumba anagwira ici, nati, "Bambo, kodi mwaiwala mwana uja wa kutsidya amene anampopa madzi a pamsana, namwalira m'mawa mwace? Ine sindifuna kukankha munthu pa njinga ya opuwala." Tinayesa kuwauza kuti mwana uja anafa ndi nthenda youmitsa khosi imene anapita nayo itakula kale, si singano ai; ndi kuti iwo eni anabayidwa pamsana tsiku lija anabadwa mwana wathu wotsiriza ndi opareshoni, ndipo ali kuyenda kufikira lero. Ndiponso singano izi zisiyana mayendedwe: yopopa madzi ndi ya amai oyembekezera ziboola nembanemba imene ikuta mitsempha ya msana, koma iyi ya steroid iima kunja kwace osaiboola. Anatimvera, koma nkhope yao sinabvomere.

Pokhala tulo panalibe, tinapempha mwana wathu kuti atitumizire zolembedwa za madotolo pa nkhani iyi, ndipo tinaziwerenga usiku coimirira, dikishonale ali pambali. Tinapeza kuti mkangano uwu suli wa madotolo athu awiri okha, ndipo suli wa lero. Kubaya mankhwala kunsi kwa msana cifukwa ca ululu wa mwendo kunayamba ku Paris m'caka ca 1901, ndi dotolo Jean Sicard. Nthawi imeneyo anali asanadziwe kuti gwero la ululuwo ndi nkhata, pakuti ici anacionetsa poyera William Mixter ndi Joseph Barr a ku Boston m'caka ca 1934. Steroid anayamba kumthira m'menemo ku Italy ndi ku France m'zaka za 1952 ndi 1953. Kucokera pamenepo zatha zaka zoposa 70, obayidwa ndi osawerengeka, koma madotolo akali kutsutsana.

Cifukwa cace ndi ici. Pofuna kudziwa ngati mankhwala agwiradi nchito, madotolo agawa odwala m'magulu awiri mwa maere. Ena awabaya steroid, ena awabaya madzi a mcere, wodwala osadziwa gulu lace. M'caka ca 1997 ku Canada anayesa motero anthu 158. Obayidwa steroid anapezako bwino m'mwendo pa masabata oyamba, koma itatha miyezi 3 magulu awiriwo anafanana, ndipo pakutha pa caka ocitidwa opareshoni anali ocuruka cimodzimodzi uku ndi uku. M'caka ca 2012 ena anasonkhanitsa mayeso otere 23 nawawerengera pamodzi. Anapeza kuti ululu wa mwendo ukayesedwa pa muyeso wa 100, steroid autsitsa ndi 6 pa miyezi yoyamba kuposa jakisoni wopanda steroid, ndipo cikatha caka kusiyanako sikuoneka. Mphunzitsi ali yense adziwa 6 pa 100: ndiko kusiyana kwa mwana wopeza 50 ndi wopeza 56. Sikuli kwakukuru, komanso si kwacabe, makamaka pokumbukira kuti 6 ameneyo ndi wa gulu lonse pamodzi, m'mene muli ena othandizidwa kwambiri ndi ena osathandizidwa konse. Ndipo dotolo sakhoza kudziwiratu kuti wodwala amene wakhala pamaso pace adzagwera mbali iti.

Mau a dotolo wa mafupa tinawapezanso ali ndi mboni zace. Ku Netherlands, m'caka ca 2007, anafalitsa zimene anaona pa anthu 283 odwala monga ife. Theka anawacita opareshoni msanga, theka anawauza kudikira. Ong'ambidwa anacira msanga, ndipo mwa odikira pafupi 4 mwa 10 analephera kupirira nacitidwa opareshoni pambuyo pace. Koma pakutha pa caka, 95 mwa 100 anali atacira m'magulu onse awiri. Cimene cinatidabwitsa koposa ndi ici, cakuti m'caka ca 1994 ku America anajambula ndi MRI anthu 98 amene analibe ululu uli wonse wa msana, napeza kuti oposa theka anali ndi nkhata zosendera kunja pang'ono. Tinaganiza kuti akadajambula akuru onse a mpingo wathu, ambiri akadatuluka ndi zithunzi zoopsa, eni ace alikupalasa njinga bwinobwino.

Za zoopsa sitingabise, pakuti walira mvula walira matope. Kawirikawiri munthu angomva kuwawa pobayidwapo, kapena nkhope kutentha masiku awiri. Singano ikapitirira niboola nembanemba ija, mutu uwawa kwambiri munthu akadzuka, ndipo utero masiku angapo. Wodwala shuga, shuga wace akwera. Womwa mankhwala osungunula mwazi ayenera kunena asanabayidwe, kuopa kuti mwazi ungatayike m'kati ndi kupana mitsempha. Zoopsa zazikuru sizicitika kawirikawiri, koma zilipo. M'caka ca 2014 bungwe la boma la America loyang'anira mankhwala, lochedwa FDA, linacenjeza kuti ena owerengeka anapuwala, ena anacita khungu, ena anafa atabayidwa motere. Ndipo m'caka ca 2012 m'dziko lomwelo, steroid wocokera ku nyumba yina yosakaniza mankhwala anali ndi cuku m'kati, conga cija cigwira cimanga conyowa. Anadwala anthu oposa 750, namwalira oposa 60. Izi tichula kuti mudziwe kuti jakisoni ameneyu sali wobayitsa kuseri kwa golosale, kwa munthu woyenda ndi cikwama.

Titawerenga zonsezi tinacita manyazi ndi maganizo athu aja. Madotolo awiriwo anaona cithunzi cimodzi, nawerenga mabuku amodzi; anasiyana pa nthawi imene ali yense anali kuyang'ana. Woyamba anayang'ana mwezi wa mawa, naona munthu wosagona tulo. Waciwiri anayang'ana caka ca mawa, naona munthu wocira kale, kaya wabayidwa kaya sanabayidwe. Jakisoni ameneyu afanana ndi pepala la pulasitiki limene munthu ayala pa denga lodontha pakati pa dzinja. Silifolera nyumba, udzu udzafunika ndithu m'cilimwe. Koma ngati podonthapo pali pa mphasa ya mwana kapena pa matumba a ufa, mwini nyumba aligula. Ngati pali pa khonde, aleka. Wogulitsa pepala ndi mmisiri wofolera sadziwa cimene ciri pansi pa dontholo. Adziwa ndi mwini nyumba. Momwemonso linalipo funso limene madotolo onse awiri sakadatha kutiyankhira, ndilo lakuti, masabata asanu kapena asanu ndi limodzi opepukako ali ndi mtengo wanji kwa ife caka cimeneco?

Tinakhala pansi ndi amai a kunyumba, kapena tinene kuti iwo anakhala, ife tinaima. M'kalasi lathu la Sitandade 8 munali ana 64, mayeso ao a boma atatsala miyezi yowerengeka, ndipo panalibe mphunzitsi wina wa masamu wotenga malo athu. Tinali titayamba kukalipira ana pa zolakwa zazing'ono cifukwa ca kusowa tulo. Tsiku lina tinaliza mtsikana wofatsa pa funso labwino limene anafunsa, ndipo ici cinatiwawa koposa mwendo. Mapiritsi aja anali atayamba kutentha m'mimba. Mbali yina kunali mbuzi ziwiri, ulendo wa minibasi pa mseu wokumbika, ndi mantha a amai. Cikadakhala cilimwe, sukulu itatsekera, tikadasunga mbuzi zathu ndi kudikira. Tsono tinabwerera ku tauni ndi mafunso olembedwa pa pepala, monga ana a sukulu. Woyamba tinamfunsa ngati adzabaya mopapasa ndi zala kapena moona ndi X-ray, ndi ngati acita nchito iyi kawirikawiri. Waciwiri tinamfunsa ngati jakisoni angaononge kanthu pa kucira kwathu. Anaseka pang'ono, nati, "Sindiletsa, bambo. Ndinati ine sindikadabaya, koma ine sindiphunzitsa ana 64 ndiri ciriri. Bayitsani kamodzi, akapanda kuthandiza, musabwereze."

Anatibaya kumapeto kwa January. Anatigoneka cafufumimba, monga momwe atsibweni anafunira, natsuka msana ndi mankhwala ozizira, nabaya kajakisoni ka dzanzi pa khungu. Pamenepo analowetsa singano yaitali pang'onopang'ono, alikuyang'ana pa galasi la X-ray, nathira poyamba madzi ooneka pa galasipo kuti atsimikize malo. Pothira mankhwala enieni tinamva kukanikiza kutsikira m'mwendo, njira yomwe ija ya waya wamoto. Zonse sizinafike theka la ora. Masiku awiri oyamba panalibe kusintha, ndipo amai sananene kanthu, koma kusanena kwao tinakumva. Usiku wacinai tinagona mpaka kuca. Ululu sunathe, koma unatsika monga kufika pa theka, ndipo tinaphunzitsa masamu a maperesenti mosakalipa masabata asanu. Pambuyo pace unabweranso, koma wocepa koposa poyamba. Dotolo woyamba anati tikhoza kubwereza. Tinakana, popeza tsopano tinali kutha kugona ndi kuyenda, ndipo tinatsata mau a waciwiri, kuyenda m'mawa uli wonse kufika ku mjigo ndi kubwerako, pambuyo pace kufika ku dambo. Pofika nthawi yokolola ululu unali utatha, kungotsala dzanzi pa kacala kaja, limene liripo ndi lero.

Tsopano anthu abwera kwa ife monga ngati tasanduka dotolo. Mkuru wina wa mpingo, wa zaka zoposa 70, miyendo yace yonse iwiri ilema ndi kucita dzanzi akayenda pang'ono, koma akakhala pansi kapena akawerama pa njinga apeza bwino. Anafuna kugulitsa ng'ombe kuti akabayitse "jakisoni wa aphunzitsi." Tinawauza kuti ayambe akapimitse, pakuti zizindikiro zotere zifanana ndi nthenda yina, imene ngalande ya m'msana icepa ndi ukalamba, ndipo pa nthenda imeneyo, m'caka ca 2014 ku America anayesa anthu 400, napeza kuti kuonjeza steroid sikunathandize kanthu kooneka atatha masabata 6. Malangizo a madotolo a ku England a caka ca 2016 agawa comweco: alola jakisoni kwa munthu wa ululu woopsa wa mwendo umene sunakhalitse, koma akaniza kwa iye wa ngalande yocepa, ndi kwa iye amene msana wokha umuwawa, mwendo uli bwino.

Ndipo alipo ena amene sayenera kukhala pansi kuwerenga mbuzi ndi masabata monga tinacitira ife. Mafunso aja a dotolo wa mafupa, a mkodzo ndi thukuta, sanali acabe. Munthu amene mkodzo ukana kutuluka kapena utuluka wokha, kapena wacita dzanzi pokhalira ndi pakati pa miyendo, kapena phazi lace layamba kukhwekhwereza pansi, athamange naye ku cipatala cacikuru tsiku lomwelo, pakuti mitsempha yopanidwa motero ikacedwa kumasulidwa mwina siibwerera. Ndipo amene msana umuwawa usiku, alikuonda, thupi lirikutentha ndi kutuluka thukuta, akayezetse cifuwa cacikuru, cimene m'dziko lathu lino cilowanso m'mafupa a msana ndi kuwadya mpaka munthu acita linunda. Steroid afooketsa citetezo ca m'thupi pamalo pomwe cifunika; mankhwala a msana wotere ndi a TB, amene aperekedwa ulere m'zipatala za boma.

Atsibweni anabweranso pa nthawi yotuta cimanga, natipeza tirikuuza anyamata kuti agawe thumba liri lonse pawiri asanalinyamule. Anatiyang'ana mayendedwe, nafunsa mtengo wa jakisoni. Titawauza anagwira pakamwa. "Mbuzi ziwiri, mphwanga! Mphini zanga zikadakudyera nkhuku imodzi, ndipo ukadacira nthawi yomwe ino ya kukolola." Tinafuna kuwatsutsa, koma tinakumbuka anthu aja a ku Netherlands ocira ndi kudikira, ndipo tinangoseka. Anayankha ndi amai a kunyumba ali pa mtondo, osayang'ana kumene kunali iwo: "Nanga ana 64 aja, mwezi wa February akadawaphunzitsa ndani, apongozi?" Atsibweni anatulutsa kabotolo kao ka fodya, nanunkhiza, nafunsa za mbuzi yaikazi imene inatsala m'khola, ngati yaswa.